Mfuti ya flintlock ikungoti phuu pakambale osalira, thandizeni za kathiridwe ka wonga posaka agologolo

Chiwamba_PA:

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Ine ndili ku Lancaster, Pennsylvania, kuno mfuti zakale zija zothira wonga kukamwa anthu amazikondabe zedi makamaka za flintlock zoyatsa ndi mwala, paja dera lomwe lino ndi komwe amisiri ochokera ku Germany ankasula mfuti zazitali zija m'zaka za m'ma 1700. Nde nanenso zinandilowa m'magazi, ndagula ya .36 (nambalayi ndi kukula kwa bowo la paipi mu ma inchi) kwa mdala wina amene wasiya kusaka poti maso ayamba kumuvuta. Laisensi ndatenga, maphunziro aja a Hunter-Trapper Education ndamaliza, cholinga changa ndi agologolo ndi akalulu basi nyengo ino masamba akuyoyokayi.

Vuto langa ndi ili. Ndikakoka tiriga nthawi zambiri wonga wa pakambale paja, kambale kakang'ono ka pambali pa mfuti pomwe moto umayambira, umangoti phuu, utsi kumaso, koma mkati osagwira, mfuti zii. Nthawi zina olo pakambalepo sipayaka, kungomva kha basi. Ikati yalira imachedwa, umamva kaye fuuu kenako dii, nde pofika pamenepo dzanja lagwedezeka kale chipolopolo chapita kwina. Wonga womwe ndili nawo ndi wamakono uja amati umalowa m'malo mwa black powder, wonga wakuda wachikale uja, ndi womwe unalipo m'shopu. Mdala uja anandipatsa zipolopolo za .350, tinsalu, miyala ndi muyezo wa brass koma sitinakhale pansi kuti andilongosolere bwinobwino, pano anasamukira kwa ana ake kutali.

Nde amene mukuzidziwa, vutoli lili pati? Komanso kwa gologolo ndizithira wonga wochuluka bwanji kuti nyama isamaonongeke? Sindikufuna kulowa m'tchire ndi mfuti yoti sindinaimvetse, kuvulaza kanyama kenako kukafera kubowo si bwino ayi.

MalumeWaKuOhio:

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanalowe m'tchire. Choyamba chenicheni, wonga umenewo usiyeni. Ma substitute ngati wanuwo amafuna kutentha kwambiri kuti agwire, anawapangira mfuti zoyatsa ndi kapu osati mwala, monga za inline, zomwe moto wake umalowa mwamphamvu, pomwe flintlock imadalira tizinthethe tochepa tochokera pa frizzen, kachitsulo komwe mwala umamenya, nde sizigwirizana ayi. Funani black powder weniweni, wa mtundu wa Goex, Swiss kapena Schuetzen, mashopu akuluakulu ambiri sasunga chifukwa malamulo a kasungidwe kake ndi okhwima koma timashopu ta anthu a muzzleloader, mfuti zothira kukamwazi, timakhala nawo ndipo ku Pennsylvania ko si kosowa. Kwa .36 tengani wa FFFg. Ma F akamachuluka ndekuti timibulu take ndi tating'ono komanso umayaka msanga, FFg ndi wa mfuti zikuluzikulu, FFFFg ndi wa pakambale pokha osauthira m'paipi. Ndipo chonde, wonga wa smokeless wa zipolopolo zamakono osauyandikizako olo pang'ono, umenewo umaphulitsa mfuti m'manja, palibe zoti ndingothira pang'ono.

Kenako onani mwala. Pamene mukuti kungomva kha pakambale osayaka, ndi mwala umenewo kapena frizzen yanyowa mafuta. Mwala uzikhala wakuthwa, womangidwa zolimba ndi kachikopa m'nsagwada za hamala, mukaugwedeza ndi chala usamasunthe, ndipo kukamwa kwake kuzikhala kolingana ndi nkhope ya frizzen kuti uzipala chitsulo kuchoka chakumtunda kutsika nacho, osati kungochimenya pamphumi. Zinthethe zija si mwala ukuyaka ayi, ndi tizidutswa ta chitsulo tomwe mwala wapala totentha, nde mwala wobuntha umangoterereka. Yesani usiku magetsi atazima, mfuti ilibe kanthu ndipo mwatsimikiza kuti ilibe kanthu, muone ngati zinthethe zikugwera m'kambale momwemo. Zikamagwera kutsogolo tembenuzani mwalawo chadodolido, ma loko (zitsulo za pambali zomwe pali hamala, frizzen ndi kambale) ena amakonda mbali yosongoka ili pamwamba ena ili pansi. Pukutani frizzen, mwala ndi kambale ndi kansalu ka alcohol, zala zamafuta osagwira pamenepo.

Za kuchedwa kulira zija ndikukayikira kuti mukudzaza kambale mpaka kukwirira kabowo kolowera moto m'paipi. Anthu ambiri amaganiza kuti wonga wambiri ndiye moto wambiri, koma mukakwirira kabowo moto umachita kuyenda pang'onopang'ono kudya wonga mpaka mkati, ndi fuuu mukumumvayo. Thirani pang'ono, kambale kasafike ndi theka lomwe, kabowo kazioneka poyera kuti kutentha kulowe kamodzi. Musanathire pisani kabowoko ndi kawaya ka brass mpaka mumve timibulu ta wonga wa mkati tikukhudza. Zikakhala bwino flintlock imalira msanga moti kha ndi dii mumazimva pafupifupi limodzi.

Kathiridwe kake ine ndimatsata ndondomeko imodzi nthawi zonse ndipo munthu akandiyankhula ndili pakati sindiyankha mpaka nditamaliza. Hamala pa half cock, kutanthauza yokoka theka chabe, frizzen yotsekula, pakambale popanda kanthu. Tako la mfuti pansi, kukamwa kwake kuloza kutali ndi nkhope. Wonga uchoke m'nyanga yosungira wonga kupita mu muyezo, tsekani nyanga, kenako muyezo kupita m'paipi. Osathira kuchokera m'nyanga mwachindunji, kukakhala kakhala kamoto kotsalira pansi nyanga yonseyo imaphulikira m'dzanja. Menyani pambali pang'ono kuti wonga ukhazikike. Ikani kansalu kodzola mafuta pakamwa, chipolopolo pamwamba pake, lowetsani ndi short starter, kandodo kakafupi koyambira nako, kenako ndodo muziigwira pafupi pafupi mukukankha pang'onopang'ono chifukwa ndodo ya .36 ndi yowonda, mukaigwira kumtunda imathyoka nkubaya chikhatho. Chipolopolo chifike mpaka chikhale pa wonga penipeni. Ichi ndiye musachiiwale, mpata ukatsala pakati pa wonga ndi chipolopolo paipi imatupa kapena kung'ambika. Mukathira bwino koyamba lembani mzere pa ndodo pomwe yalekezera kukamwa, mzere wina mfuti ilibe kanthu, nde tsiku lililonse ndodo ndi yomwe izikuuzani zomwe zili mkati. Wa pakambale ndi womalizira, pomwe mwakonzeka.

Muyezo wake, .36 ndi chipolopolo cha .350 ndi kansalu ka .010 kapena .015, yambirani pa ma grain 25 a FFFg. Ma grain 30 ndi pafupifupi magalamu awiri basi nde mukuona kuti botolo limodzi la paundi, lomwe ndi ma grain 7000, likupatsani kuwombera kopitirira 200. Ikani pepala pa mayadi 25, tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, wombani zingapo, kenako yesani 20, yesani 30, muone pomwe zikugwera pamodzi. Osadutsa malire omwe opanga mfutiyo analemba. Kwa gologolo simukufuna mphamvu ayi, mukufuna kulunjika, mutu wake ndi waung'ono ngati suku ndipo ndi pomwe muyenera kumenya, chipolopolo cha ma grain 65 chikalowa paphewa miyendo yakutsogolo mwataya. Mukawomba tolani tinsalu tija, timagwa chapafupi patsogolo panu, kakakhala kong'ambika kapena kopserera pakati ndekuti ndi kopyapyala kapena mafuta achepa ndipo ndi komwe kakumwaza zipolopolo.

Ikati phuu osalira musaitsitse msanga kapena kusuzumira, ilozeni komweko kwa miniti yathunthu chifukwa moto umatha kumanyeka mkati nkudzalira mochedwa. Ndipo magalasi muzivala, tizidutswa ta mwala timauluka, komanso munthu asaime mbali ya loko poti kabowo kamalavula moto cham'mbali.

Nyamazawo_Katete:

Ine ndili kuno ku Eastern Province ku Zambia, za ma grain sindilowererapo koma nkhaniyi yandikhudza chifukwa izi ndi gogodela zomwe zija agogo athu ankasunga kudenga. Achinyamata ambiri amaona ngati ndi za azungu okha koma mfuti zamtunduwu zakhala kuno zaka mazana. Zinkabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, kuchokera kugombe kudzera kwa Ayao ndi Aswahili monga a Jumbe a ku Nkhotakota, kwinaku kuchokera kwa Apwitikizi ku Tete ndi Zumbo, ndipo Achikunda a m'chigwa cha Zambezi ndi Luangwa ankapha nazo njovu zenizeni. Mu 1890 maiko a ku Ulaya atagwirizana ku Brussels analetsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa koma za mwala zopanda mizere mkati ndi wonga wamba anazilola, nchifukwa chake ku Birmingham ndi ku Liège anapitiriza kupanga ma flintlock otumiza kuno pomwe kwawoko anali atawasiya kalekale.

Zomwe a Malume anenazo zoti osayankhula pothira, agogo anga analinso choncho, mfuti ikatsika kudenga ana tonse kutali, ndipo munthu wosakhala mlenje sankaigwira. Anthu ankati ndi zizimba chabe koma mukaganiza bwino munali nzeru zoteteza moyo momwemo. Ankadziwanso kuti uli ndi mpata umodzi wokha, nde ankayenda ndi mphepo, kukwawa mpaka pafupi, nkhanga kuidikira pomwe imatsikira m'mawa, osati kungowombera patali.

Koma ndinene mosabisa kwa amene mukuwerenga muli kumudzi kuno kapena ku Malawi, musatengere ulusi uno nkuyamba kukhoma zanu. Mfuti ya achimwene a Chiwamba ndi ya chitsulo chopangira mfuti. Zokhoma ndi mapaipi wamba zija zadula anthu zala, ena maso, ena anapita, chifukwa paipi ya madzi siinapangidwe kuti ipirire mphamvu imeneyo ndipo imatha kulira bwino kangapo nkudzang'ambika tsiku lomwe simukuyembekeza. Kuwonjezera apo gogodela yopanda chilolezo ndi mlandu, kusaka opanda laisensi ndi mlandu wina, ku Malawi lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017 moti pa nyama zotetezedwa kwambiri munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Anzathu ali kunjawo akusaka ndi mapepala, nyengo yake yoikika, chiwerengero choikika, ndipo nchifukwa chake agologolo awo sakutha. Kuno nkhwali zomwe tinkazimva kuseri kwa nyumba pano uchite kuyenda mtunda.

Kambewa62:

A Nyamazawo mwanena zoona, zikomo potikumbutsa mbiri. A Malume ndikugwirizana nanu pa zambiri koma pali ziwiri zomwe ndikuona mosiyana.

Choyamba FFFFg si wofunika kwenikweni m'tchire. Pa range ali bho, ndi wachangu, koma m'mawa kukakhala chinyontho amayamwa madzi msanga makamaka kambale kakakhala ndi mwaye wa kuwombera koyamba, mukatsekula frizzen mupeza phala lakuda. Ine ndimathira FFFg yemweyo pakambale, nyanga imodzi basi, kusiyana kwa liwiro ine sindikuona. Muzingoyang'ana pakambale pafupipafupi mukuyenda, ukaoneka wonyowa tayani, pukutani, thirani wina. Kukamawaza mvula loko muziibisa kukhwapa kapena muiphimbe ndi chikopa chodzola mafuta chija amati cow's knee, kukamwa kwa mfuti kuloze pansi kuti madzi asatsetsereke ndi paipi kulowa pakambale.

Chachiwiri achimwene atchula akalulu. Gologolo amakhala phee pa nthambi akudya mtedza wa hickory nde rifle ili bwino, koma kalulu wodzambatuka pa chitsamba ndi chipolopolo chimodzi, ndi alenje ochepa omwe angamupeze. Kalulu amafuna fowler, yopanda mizere mkati. Yanga ndi 20 gauge, yomwe ndi .62, ndimathira FFg ma grain 60 mpaka 70, kakhadi kolimba pamwamba pa wonga, kenako shot (tizipolopolo ting'onoting'ono tambiri) ya nambala 6 ndi muyezo womwewo womwe ndayezera wonga osausintha, pamwamba kakhadi kopyapyala koti shot isakhuthuke. Mukachulutsa wonga shot imamwazika pakati nkukhala bowo, kalulu amadutsa pomwepo, nde kuli bwino shot ichulukeko pang'ono kusiyana ndi wonga. Yesani pa pepala lalikulu muone nokha. Malire ake mayadi 25, kupitirira apo mukungovulaza. Ndi .36 yanuyo akalulu muziwafuna atakhala, m'mawa kwambiri kapena kukagwa chipale pomwe amaoneka m'mphepete mwa minga, mukaona diso lakuda lija lozani pamenepo.

Lamulo la kwanuko likukukomerani, ku Pennsylvania muzzleloader ya rifle yosakira tinyama ting'onoting'ono imayenera kukhala .40 kutsika, nde .36 ili mkati. Koma pa agwape singaloledwe, nyengo ija ya flintlock yokha yomwe imayamba Khirisimasi ikangotha, yomwe anaiyambitsa mu 1974, imafuna .44 kukwera. Zovala za orange musaiwale, kumutu, pachifuwa ndi kumsana, ndipo kabuku ka chaka chino ka Game Commission, bungwe loyang'anira zosaka kwanuko, muwerenge nokha poti masiku ndi ziwerengero amasintha.

China chomwe sichinatchulidwe, powombera m'mwamba. Chipolopolo chikaphonya gologolo chimapita kutali ndithu ndipo chikatsika sichisankha, ku Lancaster ko mafamu ali pafupi pafupi. Dikirani mpaka kanyamako kakhale ndi thunthu la mtengo kumbuyo kwake. Kakapanda kutero kasiyeni kapite, mawa kaliko.

Mukapeza mpata mudzabwere kuno ku Indiana, ku Friendship, komwe kuli bungwe la NMLRA la okonda mfuti zothira kukamwa lomwe linayamba mu 1933, amakhala ndi mipikisano ikuluikulu mu June ndi September. Madala a kumeneko akangoona loko yanu amakuuzani vuto lake musanamalize kufotokoza.

NaBanda_UK:

Ine ndimawombera ku kalabu kuno ku England, pa pepala basi, kuno black powder kuti usunge umafunika satifiketi ya explosives yochokera ku polisi pamwamba pa ya mfuti nde anzathu a ku America muli pabwino. Agologolo otuwa omwe mukusakawo kunonso adzaza, anachita kuwabweretsa kuchokera kwanuko m'zaka za m'ma 1870 ndipo athamangitsa ofiira a kuno m'madera ambiri.

Ndimafuna ndiwonjezere za kutsuka chifukwa abambo mwakamba zothira zokhazokha. Mwaye wa black powder uli ndi mchere womwe umakoka chinyontho, mukaisiya mfuti usiku umodzi osatsuka dzimbiri layamba kale, ndipo paipi ya .36 ndi yopapatiza nde imada msanga, mukawomba kangapo muona chipolopolo chikuvuta kutsika. Musachikakamize, pukutani kaye ndi kansalu konyowa pang'ono kenako kouma. Konyowa pang'ono ndithu osati kochucha, ndipo kulowetsa kamodzi kutulutsa, mukamapopa mumakankhira matope onse pansi nkutseka kabowo, nde phuu uja wabwereranso. Madzulo tsekani kabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, thirani madzi wamba m'paipi, dikirani pang'ono, khuthulani, bwerezani mpaka atuluke oyera, umitsani ndi tinsalu kenako mafuta. Loko ichotseni muitsuke kumbuyo komwe. Tsiku lopita kosaka pukutani mafuta onse aja musanathire wonga, mfuti zambiri zomwe zimakana kulira koyamba m'mawa ndi mafuta omwe anatsikira pansi nkunyowetsa wonga. Poisunga iimikeni chozondoka masiku oyamba kuti mafuta azitsikira kukamwa.

Miyala funani yakuda ya ku England kapena yachikasu ya ku France. Tauni ya Brandon ku Suffolk inatchuka ndi ntchito yosema miyala ya mfuti kuyambira nthawi ya nkhondo za Napoleon ndipo yambiri inkapita ku Africa mpaka m'zaka za m'ma 1900, mwina ndi yomwe inali pa mfuti za agogo a bambo Nyamazawo. Ukabuntha simutaya, mumaugogoda pang'onopang'ono kukamwa ndi kachitsulo ka brass tizidutswa nkumagwa, koma chitani zimenezo mfuti ilibe wonga, anthu ena mfuti inawalirira m'manja akusema mwala olo pakambale palibe kanthu chifukwa nthethe imodzi ikhoza kulowa pa kabowo.

Pomaliza za nyama, poti kunyumba kuli ana. Mtovu ndi poizoni ndipo ana ndi amayi oyembekezera ndi omwe umawapweteka kwambiri, nde pomwe padutsa chipolopolo dulani mutaye, shot muzichotse zonse musanaphike, m'manja kusamba mukagwira zipolopolo, ndipo zoika chipolopolo m'kamwa pothira zija ayi. Posenda kalulu valani magolovesi, ku America kuli matenda a tularemia, mukaona chiwindi chili ndi timadontho toyera kapena kalulu anali wofooka osathawa, musadye. Gologolo msendeni akadali wofunda, akazizira chikopa chimakakamira. Wamkulu amalimba nde amafuna kuwiritsa nthawi yaitali kenako tomato ndi anyezi, pa nsima amakoma kwabasi.

Chiwamba_PA:

Zikomo kwambiri nonse, a Malume, a Kambewa, bambo Nyamazawo ndi achemwali a NaBanda, mwandithandiza zedi. Ndinapeza FFFg weniweni pa kashopu kena chakumpoto kuno, mwala ndinasintha nkuumanga ndi chikopa chatsopano, pakambale ndikuthira pang'ono momwe munanenera. Kusiyana kwake nkwakukulu, ikulira nthawi yomweyo. Pa ma grain 25 ndi kansalu ka .015 zikugwera pamodzi bwino pa mayadi 25 koma zonse zikupita pansi pang'ono chakumanzere, kaya ndi ma sight, tizitsulo tolozera tija, kaya ndi ine. Bambo Nyamazawo mawu anu ndawamva, kwathu ku Dedza agogo analinso nayo ndipo ndikufuna ndikafunse kwa amalume ngati ikadalipo, olo yongoyang'ana.

Funso lina, ndikathira m'mawa nkuyenda tsiku lonse osaona kanthu, madzulo ndizitani nayo? Ndiisiye yothira mpaka mawa kapena?

MalumeWaKuOhio:

Za pansi chakumanzere musathamangire kupala sight. Kwa munthu wa dzanja lamanja amene wangoyamba flintlock nthawi zambiri ndi kuphethira, moto ukubuka pafupi ndi diso nde thupi limadzidzimuka lokha nkugwetsa mfuti. Chotsani mwala muike kathabwa kosema kukula komweko, mfuti yopanda kanthu, muziyeseza kunyumba kuloza kadontho pakhoma, hamala ikagwa sight isasunthe ndipo muzikhalabe mukuyang'ana mpaka muwerenge kawiri. Kenako pa range mupatseni wina wozolowera awombeko, naye zikapita komweko ndiye ndi ma sight. Pamenepo ya kumbuyo muisunthire komwe mukufuna chipolopolo chipite, kumanja, pogogoda pang'ono ndi brass, ndipo kuti chikwere mumapala ya kutsogolo, koma pang'onopang'ono zedi mukuyesa chifukwa chomwe mwapala sichibwerera.

Za madzulo, njira yosavuta ndi kuiwombera pa chitsa chowola kapena pa chulu cha dothi lofewa musanatuluke m'tchire nthawi yololedwa isanathe, osati pa mwala kapena pa madzi poti chipolopolo chimanjanja, kenako kukatsuka. Ngati simukufuna phokoso pali ka CO2 discharger komwe mumakanikiza pa kabowo nkukankha zonse kutulukira kukamwa, kapena ball puller, kasikuluwu komangira kunsonga ya ndodo, koma musanayambe kukoka thirani madzi pa kabowo kuti wonga ufe. Zomwezo ndi zomwe mudzachite tsiku lomwe chipolopolo chidzalowe wonga musanathire.

Ena amaisiya yothira ngati sanawombepo tsikulo ndipo kunja kunali kouma, amataya wa pakambale, kutsekula frizzen, kutsitsa hamala, kutseka kabowo ndi nthenga nkumangirira kansalu kofiira pa tiriga kuti aliyense adziwe. Ine m'nyumba moti muli ana sindingakulangizeni zimenezo, komanso kuichotsa kozizira kuilowetsa m'nyumba mofunda paipi imachita thukuta mkati wonga nkunyowa, mawa lake phuu. Za m'galimoto onani kabuku kaja a Kambewa anena kuti kwanuko amati mfuti yothira ndi iti, state iliyonse ili ndi kamvedwe kake. Ndipo mugule kachikopa kovalika pa frizzen, muzikavula pokhapokha gologolo mwamuona, half cock yokha musaidalire podumpha mipanda ndi mitsinje.

A Kambewa pa FFFg pakambale ndavomera, kukakhala chinyontho nanenso ndimatero. Koma pa kalulu ndi .36 musawafooketse achimwenewa, mu January chipale chitagwa akalulu amakhala phee pansi pa minga ndipo mayadi 15 amakulolani kufika.